Ndani angatiphunzitse kujambula phiri la Mulanje tili panja?

Abale anga, ndithandizeni maganizo. Ndimakhala ku Chitakale ndipo ndakhala ndikujambula ndi pensulo kuyambira ndili mwana, koma utoto ndangouyamba chaka chino. Pa tchuthi cha Ogasiti ndikufuna munthu woti andiphunzitse kwa sabata imodzi kapena ziwiri, tikukhala panja penipeni, maso ali kuphiri.

Mwezi wa Juni ndinapita ku Likhubula ndi utoto wosungunula ndi madzi kuti ndijambule thanthwe la Chambe. M'mawa dzuwa linawala bwino, mwala uja ukuoneka wotuwa ndi mizere yakuda momwe mumatsika madzi. Ndisanafike pakati, chiperoni chinabwera. Nkhungu inaphimba zonse, pepala linanyowa n'kupindika, mitundu n'kusakanikirana. Zinandiwawa kwambiri chifukwa nkhungu yomweyo ndi imene ndimalakalaka kuionetsa pa chithunzi. Kodi imajambulidwa bwanji isanathawe? Minda ya tiyi nayonso imandivuta, kubiriwira kwake kumangotuluka kofanana ponseponse pomwe maso amaona mitundu yambirimbiri.

Sindili ndekha. Mwana wa achemwali anga ali patsogolo ndithu, amapenta kale pansalu, ndiye tikufuna mphunzitsi wotha kutenga woyamba kumene ndi wozolowera pamodzi. Iye akufunitsitsa kukwera mpaka kukaona Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 ija, ndi mitengo ya mkungudza.

Amene mukudziwa mphunzitsi wotere kuno kapena ku Thyolo, amalipiritsa bwanji? Nanga mapepala olimba ndi maburashi abwino mumagula kuti ku Limbe kapena ku Blantyre?