Buku la Chingerezi cha zamalonda la K18,000, tigule kapena tisiye?

Mayi Nabanda: Akuluakulu, pa Kasungu boma wogulitsa mabuku akale ali ndi buku lophunzitsa galamala ndi mawu a Chingerezi kudzera m'nkhani za chuma ndi mpikisano wa pamsika. Masamba alipo pafupifupi 200, akuti K18,000. Olifuna ndi ana a Fomu 3 ndi 4 a kalabu yowerenga, komanso anyamata awiri ogula soya ndi mtedza. Ndalamayi ituluke?

Aphunzitsi Mwale: Mayi, musanapereke ndalama tsegulani kumapeto muone ngati mayankho alipo. Mabuku akale ambiri masamba amenewo anang'ambika. Buku la galamala lopanda mayankho limakhwimitsa zolakwa, chifukwa mwana amalemba "more cheaper" kakhumi popanda womuuza kuti "cheaper" payekha ndi wokwanira. Ngati mayankho alipo, ine ndikuti gulani.

A Chirwa: Ine ndikukana, aphunzitsi. Mayeso a MSCE safunsa za msika zokha. Pali chimangirizo, kufupikitsa nkhani, ndi mabuku a literature, ndipo wolephera Chingerezi satifiketi sapata ngakhale atakhoza zina zonse. Bukuli lingothandiza mbali imodzi. Ndalamayo kuli bwino igule dikishonale ya ophunzira, yokhala ndi ziganizo zachitsanzo pansi pa liwu lililonse.

Aphunzitsi Mwale: Zoona, a Chirwa, koma taonani pomwe ana athu amagwera. Ndi pa aneni ndi aperekezi, ndipo nkhani za mitengo zimawaonetsa poyera kuposa nkhani ina iliyonse. Tengani "rise" ndi "raise". Mtengo ukakwera wokha timati "the price rose". Wasitolo akaukweza timati "the shop raised the price". Ndi kusiyana komwe kuli pakati pa kukwera ndi kukweza, ndipo mwana akaona choncho sasokonezanso. Chimodzimodzi "borrow" ndi "lend", kukongola ndi kukongoza. Nanga "borrow me your pen" si timamva m'kalasi iliyonse?

Mayi Nazulu: Ndiwonjezere pa aperekezi, chifukwa apa cholakwa chimadya ndalama. Mu Novembala 2023 Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha. Pa Chingerezi, "by 44 per cent" ndi kuchuluka kwa kusinthako, pomwe "to K1,700" ndi pomwe dola imodzi inakafika. Mnyamata wogula soya akalembera kampani kuti mtengo wakwera "by K1,000" chonsecho amafuna kunena "to K1,000" pa kilogalamu, wasintha mgwirizano wonse ndi liwu la zilembo ziwiri. Kwa anyamata awiriwo bukuli ndi lofunika kuposa kwa ana a sukulu.

A Chirwa: Zonsezo zili pa tsamba la zamalonda la The Nation kapena The Daily Times. Nyuzi yadzulo siidula. Dulani nkhani imodzi ya mitengo ya fodya ku Chinkhoma, ana alembe mzere pansi pa mneni aliyense, asankhe mawu asanu achilendo, aliyense apange nawo chiganizo chake. Mphindi 40 zakwana. Ndipo zitsanzo zake ndi za kwathu konkuno, pomwe mabuku ochokera kunja amakamba za mapaundi ndi masitolo a ku London amene mwana wa ku Santhe sanawaonepo.

Aphunzitsi Mwale: Nyuzi siyamba ndi zophweka kenaka zovuta. Chiganizo choyamba chomwe chimatha kukhala ndi zinthu zitatu zatsopano nthawi imodzi, mwana n'kugwa ulesi. Buku limayamba ndi kuyerekeza, "cheaper than", kenaka ziganizo za "if", monga "if supply falls, prices rise", kenaka zongoganizira, "if there were more buyers, farmers would earn more". Chiganizo chimenecho mwana wa mlimi amachimva msanga, poti amadziwa zimene zimachitika venda akakhala mmodzi yekha ndi sikelo yake pamudzi: mtengo amatchula ndi iyeyo. Akabwera atatu amayamba kulimbirana. Mawu oti "monopoly" ndi "competition" amalowa popanda kuloweza. Za London zo n'zosavuta, pofufuta mapaundi ikanipo kwacha, thumba la makilogalamu 50 lilowe m'malo mwa katundu wawoyo.

Mayi Nazulu: Koma chenjerani ndi matanthauzo, chifukwa mabuku ena amangondandalika mawu. Onani momwe lafotokozera "inflation". Nyuzi ikalemba kuti "inflation has fallen" sizitanthauza kuti mitengo yatsika. Ikukwerabe, koma pang'onopang'ono kusiyana ndi kale. Buku likalephera kusiyanitsa apa, kapena kusiyanitsa "price", mtengo umene wogula amalipira, ndi "cost", zimene zalowa popanga kapena pobweretsa katunduyo, lisiyeni pomwepo. Onaninso ngati likuphunzitsa maina osawerengeka: "maize", "money" ndi "equipment" salandira s kumapeto, pomwe "goods" sataya s wake.

A Chirwa: Chabwino, ndifewe pang'ono. Koma lisakhale la munthu mmodzi. Likhale la kalabu, mutu umodzi pa sabata, ndipo asalembe m'bukumo, alembe m'makope mwawo. Loweruka lililonse nyuzi ibwere kuti ayese zomwe aphunzira pa nkhani yeniyeni, kaya ya mitengo ya mbewu imene Unduna wa Zamalimidwe umalengeza, kaya ya bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission likamachenjeza amalonda obisa katundu. Dikishonale ija ndiyofunikabe, musaiwale.

Mayi Nabanda: Zikomo nonse. Mawa ndikaona mayankho, tanthauzo la "inflation" ndi ngati masamba ali onse. Zikakhala bwino ndikanenerera, ndiyambire pa K12,000. Aphunzitsi, mungadzafikeko cha m'ma 10 koloko kuti mudzalione ndi maso anu?

Aphunzitsi Mwale: Ndidzafika, mayi. Mutenge ndi kope la mwana mmodzi wa Fomu 4, tidzaone ngati mitu ya m'bukumo ikukhudza zomwe amalakwitsa.