Mkulu wa mpingo wabwereranso ku kachasu, Mgonero uli Lamulungu

Mbusa, Tsangano: Abusa anzanga ndithandizeni msanga, mutu waima. Ndili ndi mkulu wa mpingo pa mlaga wina kuno, nkhani yake ndi kachasu ndi kumenya mkazi. Si koyamba. Tinamuika pa chilango, analowa kalasi ya obwerera, analira pamaso pa bwalo, tinamulandira, kenako anthu a pamlaga anamusankhanso ukulu. Wangogulitsa mbatata ya kachewere, ndalama zalowa m'thumba, wayambiranso. Sabata yathayi amayi a Chigwirizano anapeza mkazi wake diso lili lotupa, mayiyo akuti anagwa ndi mtolo wa nkhuni. Mgonero uli Lamulungu likubwerali ndipo bamboyu ndi mmodzi wa oyendetsa chikho. Bwalo lagawanika, ambiri ndi abale ake, komanso malata a tchalitchi anagula ndi iyeyo. Mateyu 18 ndatsata, ndekha ndinapita, ndi mboni tinapita. Chatsala n'kumudula basi? Musandiuze zopemphera, ndikupemphera kale.

Mkulu wa mpingo, Domue: Abusa, 1 Akorinto 5:13. Chotsani woipayo pakati panu. Palibe zokambirana apa.

Mbusa, Moatize: Akulu, werengani kuyambira ndime 4, Paulo akuti mpingo usonkhane kaye. Mbusa sadula munthu yekha. Abusa a ku Tsangano, mukachita zaphuma bwalo lisanagwirizane, wosamuka mukhala inuyo, iye atsala pampando wake wakutsogolo. Ine kuno zinandionekera. Tinadula munthu wa mitala, tinatsata ndondomeko yonse. Mwezi usanathe anali dikoni mu mpingo wina kutsidya kwa msewu, ananyamuka ndi banja lonse, ana a kwaya, ndi kiyibodi yomwe anatigulira. Kuno anthu anabwera kudzafuna ntchito ku migodi ya malasha, palibe afunsa kalata yosamukira, aliyense amangolandira. Chilango chimaluma kumene munthu alibe kothawira, masiku ano kothawira kuli ponseponse.

Mkulu wa mpingo, Domue: Apite ndi kiyibodi yakeyo. Chotupitsa pang'ono chitupitsa mtanda wonse, ndime 6 ya mutu womwewo.

Mayi busa, Ulongwe: Abambo, nonse mukukamba za mwamuna ndi chikho, za mayi wotupa disoyo sindikumva. Usiku wa lero agona kuti? Abusa, chonde musamuitanitse ku bwalo kuti adzachitire umboni pamaso pa alamu ake. Adzabwereza za nkhunizo, ndipo pofika kunyumba adzalandira zina chifukwa choyalutsa bambo. Tumani amayi awiri achikulire osunga pakamwa akacheze naye kumunda kapena kumadzi. Dziwani kaye ngati ali kwawo kapena anatengedwa chitengwa, chifukwa ngati ali pakati pa abale a mwamuna ndiye alibe womuimira, aitanidwe malume ake ndi ankhoswe a mbali yake. Komanso musaiwale kuti kuno ku Mozambique tili ndi lamulo nambala 29/2009 loteteza amayi ku nkhanza za m'banja. Kumenya mkazi ndi mlandu wa boma, suthera m'bwalo la mpingo. Ifeyo timakonda kuphimba ndi mawu akuti banja ndi kupirira, mpaka tidzaimbe nyimbo kumanda.

Mbusa, Tsangano: Amayi busa mwanena zoona, ali chitengwa, kwawo ndi cha ku Zóbuè. Koma Lamulungu ndichite chiyani? Lero ndi Lachinayi.

Mphunzitsi wa za ubusa, Ulongwe: Abusa, mukusakaniza nkhani ziwiri, udindo ndi umembala. Za udindo n'zosavuta. 1 Timoteo 3:3 akukana woledzera ndi wandewu kukhala woyang'anira, ndiye chikho asachigwire Lamulungu, ndipo mukamuuze nokha Loweruka lisanafike, asadzamvere pa zolengeza. Za kumudula pitani pang'onopang'ono. Katekisma wa Heidelberg, wa 1563 uja, funso 85, amayala bwino: munthu alangizidwe mobwerezabwereza ngati mbale, akakana auzidwe akulu, akakanabe aletsedwe masakramenti. Ndipo amalandiridwanso akalonjeza ndi kuonetsa kuti wasintha. Pamene timagwera ambirife ndi pa kuonetsapo. Timawerenga miyezi ya kalasi, ikakwana timamuimiritsa kutsogolo, misozi, nyimbo, zatha. Ndani anakafunsa mkazi wake ngati dzanja linaleka? Ndani anayenda naye nyengo yogulitsa mbewu, pamene mukudziwa kuti ndi pomwe amagwera? Kalasi munaichititsa nthawi ya njala, m'thumba mulibe kanthu, aliyense amaoneka wolapa mwezi wa February. China, 1 Timoteo 5:19 amafuna mboni ziwiri kapena zitatu pa mlandu wa mkulu. Zilembedwe m'buku la bwalo, ndi masiku ake, apo ayi akadzadandaula ku bwalo lalikulu la mpingo mudzagwa nayo. Abale ake atuluke pokambirana nkhaniyi.

Mbusa, Tsangano: Akatuluka abale ake bwalo silikwana.

Mkulu wa mpingo, Domue: Mwaona? Ndondomeko zambirimbiri, munthu akumwabe. Kale makolo athu sankanyengerera. Chotsani woipayo.

Mbusa, Furancungo: Akulu a ku Domue, Paulo yemweyo pa 2 Akorinto 2:7 akuti mumukhululukire ndi kumutonthoza, kuopa angamizidwe ndi chisoni. Kwathu kuno tinadula mnyamata wobwerera ku dambwe, palibe anakamuyendera, pano ndi amene amatsogolera gule pa maliro. Abusa a ku Tsangano, ngati bwalo silikwana pemphani mbusa woyandikana nanu abwere ndi akulu ake awiri. Koma samalani, akamva kuti mwaitana alendo adzati mwawagulitsa.

Mbusa, Moatize: Za malata zija, alipo analemba kuti inali mphatso? Kwathu wina anabwera kudzazula chitseko.

Mkulu wa mpingo, Domue: Azule. Tidzapemphera pansi pa mtengo, koma woipayo achoke.