Pepala likuti 70 peresenti, dokotala wina akuti 60: tiwaikitse stent bambo kapena tidikire?

Membala wobisa dzina: Admin ndibiseni dzina chonde. Ndili ku Zomba kuno, ndikupempha nzeru kwa amene zinawachitikirapo komanso kwa a zachipatala amene muli pagulu pano.

Bambo anga ali ndi zaka 67, amadwala BP ndi shuga. Chaka chatha anayamba kudandaula kuti akamakwera chitunda pochokera kumsika wa Chinamwali pachifuwa pamathina, ululu n'kumafika paphewa lakumanzere mpaka kunsagwada. Akaima n'kupuma pang'ono zimasiya. Atawayeza mtima ndi ECG ndi echo (sikani ya mtima) anawapatsa aspirin, atorvastatin ndi kapiritsi koika pansi pa lilime. Achimwene anga amene ali ku Joni anawaitanitsa, kumeneko n'kukawapanga angiogram. Anawalowetsa kachubu pamkono mpaka kumtima, n'kuthira mankhwala ooneka pa X-ray. Pepala lomwe anabwera nalo likuti mtsempha wodyetsa mtima wotchedwa LAD wachepa ndi 70 peresenti, wina wakumanja ndi 40. Dokotala wa kumeneko anati aike stent, kachubu kawaya kotsegula pamene mtsempha wachepa, koma ndalama zinali zitatha.

Tsopano tinapita ndi CD ya zithunzizo kwa dokotala wina ku Blantyre. Anaionera pa kompyuta, kubwereza kangapo, n'kunena kuti iye akuona ngati 60, bambo angopitiriza kumwa mankhwala. Pabanja tagawanika. Achimwene akuti tigulitse munda wa ku Thondwe abwerere ku Joni, mayi akukana. Kodi zithunzi zomwezo zingapereke bwanji manambala awiri? Wolondola ndani? Nanga 70 yo ikutanthauza kuti magazi akudutsa 30 peresenti yokha?

Mayi wa ku Matawale: Pepani achemwali. Ndikutsatira nawo, amuna anga akudandaulanso zomwezi akamapalasa njinga.

Wojambula X-ray: Achemwali, palibe amene wakunamizani. X-ray siona khoma la mtsempha, imangoona mankhwala aja akudutsa mkati. Ndiye dokotala amayang'ana pamene pachepa n'kuyerekeza ndi pafupi pomwepo pamene pakuoneka bwino. Ngati pabwino ndi mamilimita 3 ndipo pochepapo patsala 0.9, ndiye 70 peresenti imeneyo. Taganizirani kuchepa kwa zinthu zomwe tikuyezazi. Kuphonya pang'ono chabe, nambala yasintha kale.

Chinanso, mafuta saunjikana mofanana kuzungulira mtsempha wonse. Payipi yamadzi yopondedwa ndi galimoto mukaiyang'ana kuchokera pamwamba imaoneka yotakata, mukaiyang'ana cham'mbali ndi yophwatalala. N'chifukwa chake makina aja amazungulira wodwala, kujambula mtsempha umodzi kuchokera mbali zingapo. Madokotala ambiri amangoyeza ndi maso, ndipo n'zodziwika kuti maso amakonda kukweza nambala poyerekeza ndi kompyuta. Ilipo pulogalamu yoyezera yotchedwa QCA, imalemba m'mphepete mwa mtsempha n'kuwerengera yokha, ndipo kukula kwa kachubu kaja ndiye muyezo wake. Koma nayonso imadalira chithunzi chomwe munthu waisankhira.

Za 30 peresenti zija ayi, sizili choncho. Nambalayo ndi ya m'mimba mwake mwa mtsempha. Pakachepa ndi theka, malo odutsa magazi amatsala gawo limodzi mwa magawo 4. Pa 70 amatsala pafupifupi 9 peresenti. Musachite mantha ndi zimenezi, munthu akakhala pansi magazi amakwanabe. Vuto limabwera mtima ukafuna ambiri, monga pachitunda chanu cha ku Chinamwalicho.

Bambo wa ku Sadzi: Mafuta a m'mitsempha amasungunuka ndi adyo, jinja ndi mandimu. Ndipezeni ku inbox ndikuthandizeni, osataya ndalama.

Namwino wopuma ntchito: Bambo inu, musamachitire bizinesi pa matenda a anzanu. Adyo ndi wothira mu ndiwo, satsegula mtsempha wa mtima. Mwana wanga, bambo asasiye mankhwala ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha anthu otere.

Dokotala wina pagulu: Sindingagamule za munthu amene sindinamuone, koma ndikuuzeni mafunso oti mukafunse. Nthawi zambiri timati mtsempha wachepa kwambiri ukafika 70 peresenti, koma ukakhala mtsempha waukulu wakumanzere, umene LAD imachokerako, 50 yokha ndi nkhani yaikulu kale. Bambo anu ali m'malire, pamene chithunzi chokha sichithetsa mkangano. Zikatere pali kuyeza kwina kotchedwa FFR. Amadutsitsa kawaya kopyapyala pochepapo n'kuyeza mphamvu ya magazi kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Akayerekeza mphamvu ziwirizo, nambala ikapezeka 0.80 kapena kutsika, ndiye kuti pamenepo pakumanadi mtima magazi. Ikakhala pamwamba, stent nthawi zambiri siifunika. Njira ina ndi kuwayendetsa pamakina kapena kuwapatsa mankhwala othamangitsa mtima, uku akuwajambula.

Dziwaninso izi musanagulitse munda. Kafukufuku wamkulu wotchedwa ISCHEMIA, wa anthu oposa 5,000, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2020, anapeza kuti kwa odwala amene ululu umangobwera akamagwira ntchito, kuthamangira stent kapena opaleshoni sikunachepetse imfa poyerekeza ndi kuyamba ndi mankhwala. Chomwe kunathandiza ndi kuchepetsa ululu mwa amene unkawavutitsa pafupipafupi. Koma amene anali ndi vuto pa mtsempha waukulu uja kapena mtima wofooka kwambiri sanali nawo m'kafukufukuyo. Ndiye funsani: pachepa pati pa LAD yo, kumayambiriro kapena pakati? Echo inati mtima ukupopa bwanji? Ndipo bambo akumva bwanji panopa ali pa mankhwala?

Mnyamata wa ku Domasi: Amalume anga anawaika stent ku India, ali bwinobwino, akulima. Koma anthu samakuuzani zoti ukabwerako pali mankhwala awiri oletsa magazi kuundana, aspirin ndi clopidogrel, oti umwe miyezi yambiri osadumphitsa. Ukadumphitsa stent imatha kutsekeka. Muwerengerenso ndalama ya zimenezo, komanso komwe muzikawapeza akasowa.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Ndayang'ananso pepala lija, palembedwa kuti mid LAD, ndipo pa echo pali EF 55%. Chiyambireni mankhwala aja chitunda chija amakwera, kungoti amaima kamodzi panjira. Nanga atati abwerezenso angiogram ndi FFR yo, palibe choopsa poti ali ndi shuga?

Dokotala wina pagulu: Mid ndiye kuti pakati, ndipo 55 ndi kupopa kwabwino. Zimenezi mukazitchule kwa dokotala wawo. Pa za shuga, mankhwala ojambulira aja ali ndi ayodini ndipo amatuluka kudzera mu impso, choncho ayambe awayeza magazi a impso. Ngati amamwa mankhwala a shuga a metformin anene, nthawi zina amaimitsa kwa maola 48 akajambulidwa.

Namwino wopuma ntchito: Ndiwonjezere ziwiri. Ululu ukadzabwera ali chikhalire kapena usiku, thukuta lili kamukamu, kapiritsi ka pansi pa lilime osathandiza pakatha mphindi 5, musadikire kuti kuche kapena kuti achimwene ayankhe foni. Pezani galimoto, thamangani nawo ku Zomba Central, pepala ndi CD zili m'manja. Chachiwiri n'chovuta kuti mwana auze bambo ake, ndiye mutume amalume: mapiritsi a mphamvu za abambo aja saphatikizidwa ndi kapiritsi ka pansi pa lilime, BP imagwa koopsa.

Membala wobisa dzina: Mayi, zimenezo ndiwatumadi amalume, ine sindingayambe. Achimwene ndawatumizira zonsezi pa WhatsApp, agwirizana nazo zoti munda uyambe wadikira mpaka tikaonanenso ndi dokotala Lachinayi.