Ndithandizeni, ma recording a agogo akundikanika kulemba

Moni nonse, admin chonde ivomerezeni iyi. Ndikulemba kabuku ka anthu akale amene ankathyola tiyi m'maesiteti kuno ku Mulanje, za thangata zija ndi mmene makolo athu achilomwe anawolokera kuchoka ku Mozambique. Sabata yatha ndinakacheza ndi agogo ena aakazi cha ku Limbuli, ndinawajambula mawu pa foni ola limodzi ndi theka koma kuti ndiziike papepala ndiye mayo ine, masiku 3 ndalemba ma minitsi 20 okha, kumangobweza kumbuyo mpaka batire kutha magetsi nawo ndi amenewa.

Tinakhala m'nyumba ya malata ndiye mvula inayamba pomwe amafotokoza za kapitawo amene ankakana kuwachongera tikiti akapanda kudzaza dengu, pamenepo pakungomveka waaa ndi nkhuku basi. Kenanso agogowo nkhani ikawakhudza amangolowa Chilomwe osazindikira, ine changa chimathera pa moni (manyazi bwanji, chonsecho ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde sindiphonya). Kodi ndilembe ndendende mmene analankhulira, ma eetu ndi mwanangu aja ndi kubwerezabwereza konse, kapena ndikonze? Ndayesa kukonza akumveka ngati wowerenga nkhani pa wailesi osati agogo aja.

Chondivuta kwambiri, anatchula dzina la kapitawoyo kenako nkuti izi usalembe, zidzukulu zake timatunga nazo pa mjigo umodzi. Ndiye pomwe pali nkhani yonse. Nditani?

Mphunzitsi wa ku Luchenza: Anati musalembe ndiye musalembe achimwene. Bwereraniko ndi kasuga ndi sopo, muwawerengere ndimeyo dzina mutachotsa, akavomera awo mwamasuka. Za mvulazo muwafunsenso komweko, ulendo uno khalani pakhonde foni pafupi ndi pakamwa.

Mwana wa Thekerani: Lembani kawiri. Kope loyamba zonse ngakhale pomwe anatsokomola kapena kukhala chete, lachiwiri la m'buku muchepetse ma eetu koma ziganizo zawo osakhudza. Chilomwecho chikhale momwemo, Chichewa pansi pake. Musapatse mnyamata wa mtauni akumasulireni, pezani wachikulire mumvere limodzi.

Nachisale: Ma app olemba okha aja musataye nawo bandulo, ine anandilembera zosamveka. Mverani pa ma earphone muchepetse speed.

Wolemba post: Zikomo nonse, Loweruka ndibwererako ndi malume anga amachimva bwino Chilomwe. A Nachisale speed yo mumachepetsera pa app iti?