Benny Goodman anafika bwanji pokhala ndi bandi yaikulu chonchija?

Lipenga_Nkopola:
Akuluakulu, ndithandizeniko. Ndimaimba lipenga mu bandi ina kuno ku Mangochi, timasangalatsa alendo m'malo ogona a m'mbali mwa nyanja. Mzungu wina wachikulire anatipempha nyimbo ya Benny Goodman, ife osaidziwa. Anandiuza kuti munthuyu anali Myuda, mwana wa telala wosauka. Nditamumvera pa YouTube ndinangoti kakasi: oimba opitirira khumi, koma malipenga onse kulowa nthawi imodzi, osaphonya. Ife tilipo asanu ndi mmodzi, koma kuti timvane pa nyimbo imodzi ndi nkhondo. Iyeyu anayamba bwanji, ndipo ankatani kuti gulu lonselo lizimumvera?

Mphunzitsi_Wopuma_Malindi:
Mwana wanga, wandikumbutsa zimbale zomwe ndinkamvera ndili mnyamata. Goodman anabadwa mu 1909 ku Chicago m'dziko la America, wachisanu ndi chinayi mwa ana 12. Makolo ake anali Ayuda ochokera m'madera olamulidwa ndi Russia. Ali ndi zaka 10, bambo ake anamulembetsa maphunziro a nyimbo ku sunagoge, ndipo chida chomwe anapatsidwa chinali chitoliro chotchedwa clarinet. Pofika zaka 16 anali kale mu bandi ya Ben Pollack.

Koma pomwe ndikufuna umvetsetse ndi apa. Kumapeto kwa 1934 bandi yake inapeza malo pa pulogalamu ya wailesi ya NBC yotchedwa Let's Dance. Pulogalamu ya sabata ndi sabata imadya nyimbo zambiri, choncho Goodman anayamba kugula nyimbo zokonzedwa ndi Fletcher Henderson, zolembedwa pa pepala, woimba aliyense mbali yake. Kulowa pamodzi kwa malipenga komwe wakumvako kunachokera pamenepo, komanso pa kuyeserera kosatopa.

Pulogalamuyo itatha mu 1935 anayenda ulendo wodutsa dziko lonse la America, ndipo m'malo ambiri anthu sankawafuna. Ku Denver ovina anachita kudandaula. Pa 21 Ogasiti 1935 anafika ku holo yovinira ya Palomar Ballroom ku Los Angeles, m'chigawo cha California. Anayamba ndi nyimbo zozizira, anthu osatekeseka. Atatulutsa zotentha zija za Henderson, achinyamata anakhamukira kutsogolo akukuwa. Chinachitika n'chakuti ku New York gawo la Goodman linkamveka pa wailesi usiku kwambiri anthu atagona, pomwe ku California, komwe nthawi imatsalira ndi maola atatu, achinyamata ankalimvera ali maso. Anali ndi omutsatira kumeneko iye osadziwa.

Abiti_wa_ku_Namwera:
Aphunzitsi, mwafotokoza bwino, koma ine mtima umandiwawa pa nkhani ya Henderson. Anali munthu wakuda, ndipo bandi yake inkaimba nyimbo zamtunduwu kuyambira m'ma 1920, katswiri wa lipenga Louis Armstrong anaimbamo. Mu 1934 bandiyo inatha chifukwa cha mavuto a ndalama. Chaka chotsatira nyimbo zomwezo zikulemeretsa wina, Goodman, n'kumutcha mfumu ya swing, lomwe ndi dzina la nyimbo zamtunduwu. Ufumuwo unali wa ndani kwenikweni?

Mphunzitsi_Wopuma_Malindi:
Mayi, sindikutsutsani. Khungu linamutsegulira Goodman zitseko za mahotela ndi za wailesi zomwe zinali zotsekeka kwa akuda. Chomwe ndimamulemekezera n'chakuti atalowa sanatseke chitseko. Mu 1936 anaimba poyera ku Chicago ndi Teddy Wilson, wakuda woimba piyano, nthawi yomwe azungu ndi akuda sankakwera nsanja imodzi. Chaka chomwecho anatenga Lionel Hampton, ndipo mu 1939 Charlie Christian wa gitala, onse awiri akuda. Pa 16 Januwale 1938, ku Carnegie Hall ku New York, holo ya nyimbo za anthu apamwamba, anaitananso akuda ena: Count Basie wa piyano, komanso oimba a bandi ya Duke Ellington. Akanatha kutaya nazo ntchito zimenezi, koma anachita.

Ngoma_MonkeyBay:
Achimwene a lipenga, musaganize kuti onse ankamukonda. Oimba ake ankasimba za diso lomwe ankamuyang'ana nalo munthu akalakwitsa, moti wina ankangodziwa kuti ntchito yatha. Gene Krupa, wa ng'oma zija mukuzimva mu nyimbo ya Sing, Sing, Sing, anachoka patangopita masabata ochepa chichitikire cha Carnegie Hall n'kukayambitsa yake. Harry James wa lipenga nayenso anachoka patapita pafupifupi chaka n'kukayambitsa yake. Ine ndaimbapo pansi pa mtsogoleri wotero. Nyimbo zinkatuluka bwino zedi, koma pobwerera pa minibasi panalibe wolankhula ndi mnzake.

Lipenga_Nkopola:
Zikomo nonse. Diso loopsalo ine sindingalithe, anzangawa tinakulira limodzi. Koma zolemba mbali ya aliyense pa pepala zandigwira mtima, chifukwa ife timangoloweza pomvera ndipo aliyense amamva zake. Aphunzitsi, kodi ku Malindi kapena ku Mpondasi kuli munthu wodziwa manotsi, kaya wa kwaya, amene angatilembere nyimbo ziwiri zokha, mbali ya lipenga ndi ya kiyibodi? Tidzamulipira.