Mafani a radiator ya kompyuta ndiike kutsogolo kapena pamwamba?

wa_Matawale: Akuluakulu thandizeni, ndagula radiator ya 360mm yoziziritsira CPU (ubongo wa kompyuta) ndi madzi, ndiye mafani atatu a 120mm aja ndiike kutsogolo kapena pamwamba pa bokosi la kompyuta? Okutobala uno CPU ikungotentha ngati mbaula.

Chinamwali_boy: Aise choyamba mafaniwo akhale a static pressure (okankha mphepo mwamphamvu) ngati Arctic P12, timipata ta radiator ndi tothinana ndiye fani wamba mphepo yake siidutsa bwino. Ukaika kutsogolo azikoka mphepo yozizira ya panja, CPU imasangalala koma GPU (khadi la zithunzi) imalandira mpweya wofunda.

mkulu_waChikanda: Ine achimwene ndinasamutsira pamwamba, akutulutsa mpweya. Kutsogolo fumbi la msewu wathuwu linkangodzadza mu radiator, kumachita kupukuta ndi kaburashi. Komanso pampu yoyendetsa madziwo isakhale pamwamba kuposa radiator, mpweya ukalowamo imangolira krrr usiku wonse.