Za bala ija yotisowetsa tulo: pomwe nkhani yafika

Mwezi watha ndinafunsa kuti tingatani ndi bala yomwe inatsegulidwa kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Lilongwe, nyimbo zikugunda mpaka 4 koloko m'mawa. Ambiri munati tisalimbane ndi mwiniwake, tipite kukhonsolo. Tinatero, zikomo kwambiri.

Tinalemba kalata n'kusainira tonse oyandikana ndi malowo. Kukhonsolo tinamva zomwe sitinkadziwa: chiphaso chogulitsira mowa ndi china, chilolezo chosintha ntchito ya puloti ndi chinanso. Pansi pa lamulo la Physical Planning Act la 2016, puloti yomangapo nyumba zogona siingasanduke malo a bizinesi popanda chilolezo. Mwini bala uja anali ndi chiphaso cha mowa chokha.

Pamsonkhano wokambirana nkhaniyi, bambowo anadandaula kuti analemba ntchito achinyamata ndipo ali ndi ngongole kubanki. Ndinawamvera chisoni ndithu. Koma mayi anga okalamba akhala akugona atatseka m'makutu ndi thonje, ndipo mwana wanga wa Sitandade 8 amasinza m'kalasi.

Pakadali pano masipika awalowetsa m'kati, ndipo nyimbo zikumazima 10 koloko usiku. Akapempha chilolezo chija, tagwirizana kuti tidzalembanso kalata yokana.